Digiri ya kabichi

Kwathu ku Tsangano anthu akandiona ndikubwera amayamba kutsokomola. Chisanu chakuno n'chodziwika, chimalowa mpaka m'mafupa, koma chifuwa chawocho si cha chisanu ayi: amabisa kuseka. Ndiye ndaona kuti bola nkhaniyi ndiinene ndekha, chifukwa mmene akuikambira pa bawo yafika poti ndinagulitsa ng'ombe ziwiri ndi njinga yamoto, chonsecho ine ng'ombe sindinakhalepo nayo chibadwire. Chimene ndinataya ndi kachewere wa m'munda wakumtunda, kuphatikizapo ngongole ya ku banki m'khonde imene mayi a kunyumba anatenga m'dzina lawo.

Pa mbumba yathu mwamuna wamkulu ndine. Alamu anga anapita ku Joni kalekale, amaimba foni pa Khirisimasi, choncho nkhani zonse za ana a mlongo wanga zimafikira pakhonde panga. Kuwonjezera apo, ndinakhalako ku Blantyre m'zaka za m'ma 1990, ndili mesenjala pa kampani ina. Tsiku lililonse ndinkadutsa pa Polytechnic ndi njinga yakapalasa, makalata ali m'chikwama, ndikuona ana a sukulu atakhala pa kapinga. Zimenezo zinandikwanira kuti ndikhale katswiri wa za mayunivesite m'mudzi monse, ndipo palibe amene anatsutsapo, ine ndemwe ndinazikhulupirira.

Mwana wa mlongo wanga, mtsikana wofatsa wosachedwa kugwetsa nkhope, anaphunzira pa sekondale yoyendera, ija yoti labotale amangoimva m'buku. Anakhoza Fomu 4 bwino moti aphunzitsi ake anachita kubwera okha kunyumba kudzamuthandiza kulemba fomu ya ku yunivesite. Masiku ano ntchito yosankha ana opita ku mayunivesite a boma imayendetsedwa pamodzi ndi bungwe la NCHE, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011. Mwana amalemba maphunziro amene akuwafuna motsatana, oyamba pamwamba, enawo m'munsi, kenako n'kudikira. Izi ndikuzidziwa lero. Nthawi imeneyo ndinkayesa kuti boma limangoloza ndi chala, uyu apite uku, uyu apite uko.

Mayina atatuluka, aphunzitsi aja anakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi pamene netiweki imagwira, paja kuno foni ikasokonezeka imakulandira ku Mozambique uli m'dimba mwako. Anatsika akuthamanga. Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya. Mlongo wanga anavina n'kugwetsa mpango, ine ndinatumiza mwana kukagula Fanta. Chimwemwe chinatha pamene mayi ena achikulire anafunsa funso limene tonse tinaliiwala.

"Nanga akukaphunzira chiyani?"

"Ku Bunda," anatero aphunzitsi. "Za ulimi wa ndiwo zamasamba ndi zipatso."

Panali zii. Kenako mayi aja anayang'ana kudimba, kumene kabichi anali mbwee mpaka kumtsinje, n'kunena kuti, "Kabichi? Achite kukwerera basi?"

Pofika madzulo dzina linali litapezeka kale: digiri ya kabichi. Muyenera kumvetsa kuti kuno aliyense ndi mlimi. Kachewere, kabichi, anyezi, mapichesi, ngakhale tirigu, zonsezi mwana amazidziwa asanayambe Sitandade 1. Timatumiza ana kusukulu kuti athawe khasu, abwere atavala zoyera, azibaya anthu jakisoni. Usiku umenewo ndinaitanitsa msonkhano wa banja. Ndinanena kuti kompyuta yalakwitsa, ndipo mwanayu tikamusamutsa apite ku unamwino. Mtsikana uja, ali chigwadire pakhomo, anati, "Malume, ine..." Ndinamudula. Ndinati izi n'za akuluakulu, iye atseke pakamwa, azingopemphera.

Mmene ndinkazionera ine, nkhaniyi inali yaing'ono. Yunivesite ya Malawi ndi imodzi: Chancellor ku Zomba, Poly ku Blantyre, Bunda ku Lilongwe, sukulu ya anamwino ya Kamuzu, ndi ya madokotala. Kumuchotsa mwana ku Bunda n'kumuika kwa anamwino kuli ngati kusuntha mphika kuchoka pa fuwa ili kupita pa ilo, moto ndi womwewo. Ndinafotokoza chomwechi pa bawo, ndipo aphunzitsi aakulu opuma, amene amavala jekete ngakhale popita kudimba, anasiya kutakata n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Achimwene, tsobola wakale sawawa," anatero. "Yunivesite mukunenayo inagawana katundu."

Anawerenga pa zala. Bunda inachoka mu 2012 n'kukhala LUANAR, yunivesite payokha. Pa 4 Meyi 2021 zotsalazo zinagawikanso patatu: ya ku Zomba inasunga dzina lakale, Poly inasanduka MUBAS, ndipo sukulu ya madokotala ndi ya anamwino zinaphatikizana kukhala KUHeS. Mukaonjezera ya ku Mzuzu ndi MUST ya ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014, zikukwana zisanu ndi imodzi, iliyonse ndi khonsolo yake, kalembera wake, malamulo ake. Anapitiriza kuti mayiko a SADC anasainirana pangano la zamaphunziro ku Blantyre mu 1997, ndipo mwa zina anagwirizana kuti zimene mwana waphunzira pa yunivesite ina ziziwerengedwa akapita pa ina, koma kusaina ndi kwina, kuchita ndi kwina. Apa n'kuti ine nditasiya kumvetsera. Ndinawauza kuti iwo amadziwa za m'mabuku, ine ndimadziwa anthu.

Munthu woyamba amene ndinamudziwa ndinakumana naye pa Tsangano Turn-off, pamene msewu wathu umakumana ndi wa M1. Ndinali nditatsitsako matumba angapo, ndipo podikira ogula ndinkauza aliyense wofuna kumva, ndi wosafuna yemwe, za kompyuta yolakwitsa ija. Bambo wina amene ankatsitsa mtengo wa ndowa ya Rosita anatembenuka. Nsapato zosongoka, zopukutidwa bwino pamalo pamene tonse tinali mbuu ndi fumbi. M'khosi munali chingwe cha buluu, chiphaso chake chitalowa m'thumba la malaya. M'manja ankaseweretsa makiyi a galimoto. Galimotoyo sindinaione, koma ndinaganiza kuti waimika patali poopa ana.

"Pepani ankolo, ndamva nawo pang'ono. Mwanayo ndi wa boma liti?"

"Wa konkuno ku Ntcheu."

Anayang'ana uku ndi uku, n'kundikokera kuseri kwa matumba. Anati Mulungu ndi wamkulu, chifukwa iye amagwira ntchito kumene amasunga mayina, ndipo pa kota ya Ntcheu patsala malo awiri a unamwino amene mabwana akufuna kupatsa ana awo. Mawu akuti kota anandikhazika mtima pansi chifukwa ndinkawadziwa. Zoti boma linalengeza mu 2020 kuti njira yogawa malo potengera boma lochokera yatha, wailesi inanena ndithu, koma mwina tsikulo ndinali kothirira.

Sanapemphe ndalama. Ichi ndi chimene ndimauza anthu akamandiseka: munthuyo sanapemphe kanthu, anachita kukana Fanta imene ndinamugulira, ndipo ndowa ya kachewere ija analipira yekha. Anangotenga nambala yanga ndi dzina la mwana. Ndalama zinayamba mawa lake, pang'onopang'ono. Poyamba inali ya mayunitsi oimbira bwana. Kenako ya fomu. Kenako ya mtsikana wa pa kompyuta, amene akuika ntchito yake pachiswe chifukwa cha ife. Kenako bwana uja anali ndi maliro kwawo ndipo sizikanaoneka bwino kuti ife tingokhala chete. Ndinapepesa maliro a munthu amene sindikumudziwa, kwa munthu amene kulibe, kudzera pa nambala imene dzina lake linali la mayi. Mnyamata wotumiza ndalama pa sitolo anandifunsa kawiri ngati ndikumudziwa mwini nambalayo. Ndinamuuza kuti ndi sekilitale.

Kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza atakwera, mankhwala opopera chiwawu atakwera, ndiye m'nyumba munalibe ndalama yongokhala. Ndinakumba kachewere wakumtunda asanakhwime bwino, khungu likusupuka, n'kumugulitsa pa mtengo wa mavenda. Zitaperewera ndinanyengerera mayi a kunyumba kuti atenge ku banki m'khonde. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Kodi mwanayo mwamufunsa?" Ndinati wodwala safunsidwa ngati akufuna jakisoni.

Langizo lalikulu la bambo wa nsapato zosongoka linali lakuti mwana asayerekeze kupita ku Bunda. Anati dzina likangolowa mu kompyuta ya kumeneko silitulukanso. Choncho masiku otsegulira sukulu atayandikira, ndinapita kwa mlongo wanga n'kunyamula sutikesi imene anamugulira mwanayo, bulangete ndi ndowa zili momwemo, n'kukaitsekera kuchipinda kwanga. Mtsikana uja sanalire. Patapita masiku angapo ndinamva kuti wapita ku Lizulu kukasamalira azakhali ake amene akudwala miyendo. Ndinayamikira. Ndinati aziyeserera unamwino.

Kalata inafika pa WhatsApp usiku. Inali yokongola. Pamwamba panali chizindikiro, pansi chidindo chofiirira ndi siginecha yopotanapotana, ndipo mutu wake unali wa zilembo zikuluzikulu: University of Malawi, Kamuzu College of Nursing. Ndendende mmene ndinkadziwira ine. M'mawa ndinakwera kabaza mpaka pa Turn-off, minibasi mpaka pa boma, n'kukaisindikiza. Mnyamata wa pamalopo anafunsa ngati ndikufuna aimate pulasitiki kuti isanyowe. Ndinavomera. Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, ndinaimirira panja pa tchalitchi n'kuiyendetsa m'manja mwa anthu. Mayi achikulire aja anaigwira chozondoka, koma anavomereza kuti iyi ndiye sukulu. Aphunzitsi aakulu opuma anaiwerenga, anavula magalasi, anatsegula pakamwa, ine n'kuwalanda ndisanamve nsanje yawo.

Chinatsala n'kukaonana ndi bwana ku Lilongwe kuti atilozere bedi la mwana. Munthu supita kwa bwana chimanjamanja, ndiye ndinasankha kachewere wamkulumkulu, thumba lodzaza mpaka kusoka ndi luzi pamwamba. Tinapangana kukumana mu depoti. Nditafika ndinaimba, foni inaitana. Ndinaimbanso, anati ali mu mitingi. Dzuwa litapendeka, mayi wa mu foni anayamba kundiuza kuti nambala imene ndikuimbayo siikupezeka. Ndinagona pa benchi nditakumbatira thumba, ndikumuikira kumbuyo munthuyo mumtima kuti mwina batire yatha.

Kutacha ndinaganiza zopita ndekha. Sukulu ya anamwino aliyense amaidziwa, ili kufupi ndi chipatala chachikulu cha Kamuzu Central. Wakabaza ananditula pageti, thumba pamutu, kalata m'manja. Chikwangwani chinali ndi dzina lina, losiyana ndi la pa kalata yanga, koma ndinati mwina sanasinthe utoto. Alonda anaiyang'ana kalata ija, anayang'ana ine, anayang'ana thumba, n'kundilozera ku ofesi mwaulemu umene tsopano ndikuuzindikira kuti unali chisoni.

Pa benchi ya panja pa ofesi sindinali ndekha, ndipo m'maola amene ndinakhala pamenepo ndinaphunzira zambiri kuposa zaka zonse zimene ndinkadutsa pa Poly. Panali bambo a ku Mchinji amene mwana wawo anasankhidwa uphunzitsi koma iwo ankafuna udokotala. Panali mayi a ku Nsanje amene mwana wawo anamuponya ku Mzuzu. Iwo analibe nazo kanthu za maphunzirowo, chimene chinkawaliza ndi thiransipoti yodutsa dziko lonse, ndi lendi. Malo ogona pa sukulu sakwanira, ana ambiri amachita lendi kunja, ku Chikanda ngati ali ku Zomba, ku Luwinga ngati ali ku Mzuzu, ndiye kholo limawerengera kuti bola mwana akhale mu mzinda umene muli wachibale woti azimupatsako ufa. Mnyamata wina yekha ndi amene anabwera payekha, mapepala ake ali mu envulopu, akufunsa bwinobwino ngati zimene waphunzira chaka chimodzi kwina zingawerengedwe kuno. Enafe tinali makolo, amalume, azakhali, aliyense atanyamula tsogolo la mwana amene sanabwere naye.

Ndinaonanso kuti tonse tinkakankhira mbali imodzi. Udokotala, unamwino, zamalamulo, uinjiniya, zowerengera ndalama. Palibe amene anati mwana wanga amuika ku udokotala koma ndikufuna akaphunzire za nthaka. Bambo a ku Mchinji aja atamva kuti wanga ndi wa ku Bunda anagwedeza mutu mondimvera chisoni, chonsecho iwo ndi mlimi wa mtedza, ndipo suti imene anavala inagulidwa ndi mtedza.

Mayi amene anandilandira mu ofesi anali a msinkhu wa mlongo wanga. Anandipatsa mpando. Ndinaika thumba pakona, ndinapereka kalata ndi manja awiri, n'kunena kuti ndabwera kudzaona bedi. Anaiwerenga mpaka pansi, anaitembenuza, anagogoda pulasitiki ija ndi chala.

"Bambo, mwalipira zingati?"

Sanafunse ngati ndalipira. Ndinatchula ndalama yochepera theka la yeniyeni, iwo n'kupuma mozama.

"Sukulu yalembedwa apayi inasiya kutchedwa dzina limeneli mu 2021. Kalata yathu singatuluke ndi mutu umenewu. Komanso ndalama ya sukulu salipira pa nambala ya foni ya munthu."

Ndinati mwina kalatayo inalembedwa pa mapepala akale otsala, poti boma limasunga zinthu. Anandiyang'ana ngati mmene mayi a kunyumba amandiyang'anira. Kenako, m'malo mondithamangitsa, anandifotokozera bwinobwino, ndipo ndikanakonda akanandikalipira. Anati kusintha maphunziro kapena sukulu si chinthu chosatheka, koma amapempha ndi mwana mwini wake, polemba kalata, osati malume ndi thumba. Amayang'ana ngati anakhoza bwino maphunziro amene kumeneko amafuna, ndipo ku zaumoyo amayang'anitsitsa sayansi ndi masamu. Amayang'ana ngati malo alipo, ndipo kumene aliyense akuthamangira malo sakhalapo, chifukwa kunja kuli ana ena okhoza kwambiri amene sanasankhidwe n'komwe. Anafunsa kuti mwana wanga Chemistry anakhoza bwanji. Sindinadziwe. Anafunsa mapointi ake onse pamodzi. Ndinatchula nambala yaikulu kuti ndiwagometse, iwo n'kundikumbutsa kuti pa MSCE wokhoza kwambiri ndi amene ali ndi mapointi ochepa, 6 ndiye pamapeto.

"Nanga panopa mwanayo ali kuti? Ku Bunda analembetsa?"

"Ayi, ndinamuletsa. Dzina likalowa mu kompyuta silituluka."

Apa ndi pamene anaika cholembera pansi. Anati anzake anatsegulira kale, ndipo mwana amene sanafike, osalembanso kalata yopempha kuti amusungire malo, akhoza kupezeka kuti alibe kuno, alibe uko. Anafunsanso za fomu ya ngongole ya boma yolipirira fizi, ija ya bungwe limene linayamba mu 2015, ngati tinaitumiza nthawi yake isanathe. Ine fomu imeneyo ndinali ndisanaimvepo. M'mimba munatentha. Ndinaimirira, ndinathokoza, ndinafika pakhomo, iwo n'kundiitana kuti ndaiwala katundu wanga. Ndinati ndi kangachepe. Anati ndinyamule.

Za ulendo wa ku Bunda sindinena zambiri. Minibasi ya ku Mitundu inandilipiritsa thumba ngati munthu, ndipo linakhala pampando pamene ine ndinakhala pa injini. Njira yonse ndinkakonza mawu okagwada nawo. Ndinaganiza zonena kuti mwana anadwala. Ndinaganiza zonena kuti kunagwa maliro, poti maliro ndinali nditapepesa kale. Phiri la Bunda litayamba kuoneka ndinali nditagwirizana ndi mtima wanga kuti ndikangonena zoona, kuti mwanayo alibe mlandu, ali ndi malume.

Ku ofesi ya kumeneko mnyamata wina analemba dzina pa kompyuta, ine nditagwira chipewa pachifuwa, nditayamba kale kuti, "Bwana, chonde, mwanayu ndi wamasiye pang'ono."

"Analembetsa," anatero.

"Ayi bwana, ndiye nkhani ndabwerera. Ali ku Lizulu, azakhali ake miyendo..."

"Analembetsa sabata yoyamba. Mukufuna mumuone?"

Ndinamudikira pansi pa mtengo. Anatulukira ndi anzake awiri, atavala juzi ya mayi a kunyumba imene ndinkaifunafuna kuti ndiike pamwamba pa thumba. Atandiona anaima, kenako anabwera n'kugwada pa udzu pomwepo, anzake akuonerera.

"Mwayenda bwanji, malume?"

Zinatuluka pang'onopang'ono. Ku Lizulu anangodutsako pa basi. Mlongo wanga anagulitsa mbuzi, mayi a kunyumba anapereka juzi, bulangete ndi ndalama ya anyezi, zovala anazinyamulira m'majumbo poti sutikesi inali pansi pa bedi langa. Fomu ya ngongole anatumiza kalekale ndi aphunzitsi aja, pachulu. Azimayi onse a pamudzi ankadziwa, kuphatikizapo mayi achikulire amene anagwira kalata yanga chozondoka. Ankandisiya ndizipita ku Turn-off chifukwa ndikakhala kotumiza ndalama pakhomo pamakhala bata.

Ndinafunsa funso limene ndikanafunsa usiku wa msonkhano uja. Ndinati kodi kompyuta inalakwitsa pati.

"Sinalakwitse, malume. Bunda ndinaika poyamba ndine."

"Unamwino unaika pachingati?"

"Sindinauike. Magazi ndimaopa."

Ndinati nanga bwanji sunanene. Anayang'ana pansi n'kuti, "Munati nditseke pakamwa."

Posowa chonena ndinamasula thumba, kuti mwina agawane ndi anzake. Anatola mbatata imodzi, anaitembenuza, anabwereka mpeni kwa mayi wogulitsa mandasi n'kuidula pakati. M'kati munali mzere wofiirira wozungulira, ndipo atafinya panatuluka timadzi toyera. Anati awa ndi matenda aja amafotetsa kachewere m'munda masamba ali obiriwira, ndipo amayenda ndi mbewu komanso amatsala m'nthaka. Anati kwathu timabzala mbewu yomweyomweyo chaka ndi chaka, timasankha ting'onoting'ono totsala pogulitsa n'kubwezera m'munda womwewo, ndiye matenda timawasunga tokha m'nkhokwe, kenako timadabwa kuti zokolola zikuchepa n'kumanamizira feteleza. Zimenezi sanaziphunzire ku Bunda, anali asanathe ndi mwezi womwe. Anaziona m'munda mwa mayi ake ali Fomu 2, n'kukafunsa aphunzitsi a zaulimi. Chimene ankafuna n'kudziwa kapangidwe ka mbewu yopanda matenda, kuti anthu a ku Tsangano asamadikire yochokera kutali. Analankhula nthawi yaitali, mwana amene ndinkati ndi wosalankhula. Pomaliza anandilangiza kuti munda wakumtunda ndiupumitse, ndibzalemo chimanga kapena tirigu kwa zaka zingapo. Iyi ndi mbatata imene ndinasankha ndi manja anga kuti ikagometse bwana.

Ku polisi sindinapite. Mayi a ku ofesi aja anandilangiza kuti ndikanene, ndipo ankanena zoona, koma ndinayeseza m'mutu mmene nkhaniyo ikayambire. Afunsa kuti ndalamazo munkalipira za chiyani. Ndiyankha kuti ndinkagula malo a mwana wa munthu wina kudzera pakhomo lakuseri. Munthu wa nsapato zosongoka anandibera, inde, koma sanachite kundithyolera nyumba. Ndikanapeza malo aja ndikanamutcha mngelo, osafunsa kuti mwana amene wachotsedwapo ndi wa yani.

Kunyumba mayi anandilandira bwino, anandiikira madzi osamba, anandiphikira nsima ya nyemba. Nditatha kudya anabweretsa kabuku ka banki m'khonde n'kukaika pafupi ndi mbale, osanena kanthu. Ngongoleyo ndikubweza ndine, pa sabata pa sabata, ndipo tsiku la msonkhano wawo ndimapita ndekha kukapereka, mwamuna mmodzi pakati pa azimayi ozungulira mphasa, iwo akuwerenga mokweza. Sutikesi ndinaitumiza ndi lole ya kabichi. Kalata ija ikanali yosamata ndikanakolezera moto. Pano mayi amaikira pansi pa poto wotentha.

Chaka chino mwana wa a neba wasankhidwa ku MUST, kukaphunzira za nyengo. Bambo ake anabwera m'mamawa, chisanu chili thoo, anakhala pa chitsa n'kuyamba kuzungulira nkhani. Anati mwana waphunzira zaka zonsezi kuti azikayang'ana mitambo, pamene agogo ake amadziwa za mvula pongomva bondo kuwawa. Anati amva kuti ine ndili ndi munthu ku Lilongwe.

Ndinawafunsa ngati mwanayo amufunsa. Anandiyang'ana modabwa, n'kunena kuti izi n'za akuluakulu.

Mayi a kunyumba anali pakhomo akupeta, ndipo ndinamva lichero litaima. Ndinawauza a neba kuti nambala ija inatayika, koma ngati ali ndi ndalama yoti ikuwayabwa, ine ndikugulitsa anyezi.